Masekondi Asanu ndi Anayi Amene Ndinaimirira

Lachiwiri, 3 Juni

Andigoneka m'wodi ya amayi, bedi lachinayi kuchokera pakhomo. Amuna anga andigulira kope ili pakantini ya panja, poti ndinawauza kuti ndikangogona osalemba kanthu mutu usokonekera. Zaka 26 ndakhala ndikuphunzitsa phunziro la Baibulo kusekondale; dzanja linazolowera choko ndi bolopeni yofiira.

Ndilembe mmene zinayambira, chifukwa dokotala aliyense akufunsa zomwezo ndipo ndayamba kusokoneza miyezi. Msana unayamba kuwawa mu Januwale. Ndinkanamizira mpando wa m'chipinda cha aphunzitsi. Kenako thukuta losadziwika bwino, chakudya osalowa, masiketi kuyamba kundivuka okha. Sabata yatha mwendo wamanzere unayamba kukhwekhwereza. Lamulungu m'mawa ndinati nditsike pabedi ndikonzeke za kutchalitchi, miyendo yonse iwiri inangondiyang'ana.

Ndikulemba chagada, kope lili m'mwamba. Bolopeni ikukana kulemba chozondoka. Mawa andibweretsere pensulo.

Lachinayi, 5 Juni

Dokotala wa mafupa ndi wamtali kwambiri, amachita kuwerama polowa pakhomo. Anabwera ndi kaphini. Kundibaya pachifuwa, ndamva. Pamwamba pa mchombo, ndamva. Kutsika pang'ono, ngati akubaya bulangete lomwe ndafunda. Pantchafu, zii. Anajambula kamzere pamimba panga pomwe kumva kukuthera.

"Gwedezani chala chachikulu, mayi."

Ndinachilamula ndi mtima wonse. Chinangoti duu.

Analemba: mphamvu ziro pa zisanu, miyendo yonse. Ine amene ndagawa maziro kwa ana a eni zaka zonsezi, lero ndalawa.

Atenga magazi ndi makhololo, andijambula msana kawiri. Andiika kapaipi ka mkodzo. Za kapaipiko sindilemba zambiri.

Loweruka, 7 Juni

Zotsatira zabwera. TB ya msana. Ndinati, "Adokotala, inetu sindikhosomola." Anati TB simangokhala m'mapapo. Yadya mafupa awiri a msana, ndipo mafinya akupanikiza mtsempha waukulu umene umapititsa mauthenga kumiyendo.

Mankhwala: mapiritsi anayi akuluakulu m'mawa ndisanadye kanthu, ndi kena kakang'ono koteteza mitsempha. Kumwa chaka chathunthu, osadumphitsa. Mkodzo ufiira, ndisaope. Kugona masabata asanu ndi limodzi. Osakhala tsonga, osaimirira, osadzitembenuza ndekha, poti mafupawo ali ngati njerwa yonyowa.

"Ndidzayendanso?"

"Ambiri amayenda. Ena ayi. Panopa sindingakuuzeni kuti inu muli mbali iti."

Amuna anga anangovula chipewa n'kumachipindapinda. Ndi dalaivala wa thiraki ya simenti, munthu wa mawu owerengeka. Apempha tchuthi kuntchito.

Lachiwiri, 10 Juni

Tsiku la muno limayenda chonchi. Kukacha, mapiritsi. Kenako kupukutidwa thupi. Tiyi ndi buledi. Madokotala cha m'ma 9. Maola awiri aliwonse manesi awiri amanditembenuza ngati chipika: kumanzere, chagada, kumanja. Dziko langa latsala zinthu zitatu. Kumanzere khoma ndi kabati kanga. M'mwamba siling'i ya banga la madzi ndi fani yosazungulira. Kumanja mnansi wanga.

Mnansiyo anadzitchula yekha tsiku loyamba. "Ine muzingoti Mai Mopu. Zaka 18 ndikukolopa m'maofesi, dzina lenileni anthu analiiwala, nanenso ndatsala pang'ono." Ali ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo yafalikira. Aonda mpaka mafupa kuwerengeka, koma pakamwa ndi pa munthu wonenepa. Akamuona wokolopa wa m'wodi muno amapukusa mutu: "Uyu akusisita pansi, sakukolopa. M'makonamo wasiyira ndani?"

Lachisanu, 13 Juni

Takangana ndi Mai Mopu, mkangano wa anthu awiri oyang'ana kudenga.

Masana, atabayidwa jakisoni wochepetsa ululu, anatsinzina kanthawi n'kunena, "Wabwera."

"Ndani?"

"Yesu. Amabwera nthawi zina. Kumuona sindimuona ayi. Pachifuwa pamangofunda, mantha n'kuchoka. Zili ngati mmene umadziwira kuti munthu walowa m'chipinda iwe utafulatira."

Uphunzitsi unandikwera kumutu. Ndinawauza zomwe ndakhala ndikuuza ana a fomu 4, kuti zozizwitsa za m'Baibulo zinali zinthu zoti ndi mdani yemwe ankaziona. Wakhungu uja atapenya, anthu anaitana makolo ake kudzawafunsa ngati analidi mwana wawo. Wakhate ankatumizidwa kwa ansembe kuti akamuone khungu. Wopuwala ananyamula yekha chogonera chake pagulu. Palibe amene anapita kwawo ndi kufunda kwa pachifuwa kokha. Kufunda pachifuwa kumabwera ndi tiyi yemwe. Mwana akandilembera kuti "ndimangomva mumtima", ndinkalemba m'mbali ndi bolopeni yofiira: umboni uli kuti?

"Komanso mwangobayidwa kumene jakisoni," ndinatero.

Anaseka mpaka kugwira pamimba. "Aphunzitsi, jakisoni ndimamudziwa, amabwera ndi nseru. Uyu sabwera ndi nseru." Kenako anati, "Nanga inu, kwanu amabwera bwanji?"

Ndinati ine ndimakhulupirira zolembedwa, sindisowa kumva kanthu. Ndipo nzoona. Chomwe sindinanene nchakuti zaka zonsezi za kupemphera sindinamvepo kanthu ngakhale kamodzi.

Lamulungu, 15 Juni

Mng'ono wanga wabwera ndi malalanje ndi mazira owiritsa. Ndinamulera ndine mayi athu atamwalira, iye ali ndi zaka 9. Ali ndi saluni ya tsitsi, ndipo amapemphera kumpingo wina watsopano umene umakumana m'holo yomwe kale inali sitolo ya mipando. Akundipesa anati, "Asisi, inuyo mumaphunzitsa kuti opuwala ankayenda. Ankayendadi kapena ayi?"

"Ankayendadi."

"Mulungu wakeyo anapuma pantchito?"

"Sanapume."

"Ndiye mukugoneranji apa?"

Wandikola ndi msampha wanga womwe. Akuti mtumiki wa kumpingo kwawo ali ndi mphatso ya machiritso. Ndati ndiganize kaye.

Lachitatu, 18 Juni

Kamzere ka pamimba sikanasunthe. Ziro pa zisanu. Kachilonda kayamba kumunsi kwa msana. Miyendo yayamba zachilendo: nesi akaikhudza imawongoka yokha n'kuuma gwaa ngati mitengo. Ndinasangalala, koma mayi wa mafizo, amene amalimbitsa odwala ziwalo, akuti si ine ndikuiyendetsa, ndi mitsempha yosowa woilamula.

Fani ili ndi mapiko atatu, limodzi ndi lopindika. Ndaiwerenga kangapo, sikusintha.

Lolemba, 23 Juni

Ndilemba za dzulo mwadongosolo, ndipo ndiyambe ndi ichi: palibe anandikakamiza. Ndinavomera ndekha.

Anabwera nthawi ya alendo ya masana: mng'ono wanga, mtumiki, ndi azimayi awiri amphamvu a m'kwaya. Amuna anga anali kumipopi ya kuseri akuchapa zovala zanga. Manesi anathamangira wodwala wina amene anakomoka kuchipinda cha kumapeto. Mtumikiyo ndi munthu waulemu, wa mawu ofewa, osati mmene ndinkaganizira. Anandifunsa ngati ndikukhulupirira kuti Yesu angathe. Ine ndingayankhe chiyani pamenepo? Ndinati inde. Ndipo ndinkafuna. Ndinkafuna chenichenicho, choti dokotala wamtali abwere ndi kaphini kake asowe chonena.

Anapemphera, mawu akukwerakwera. Anati, "Dzukani!" Azimayi aja anandinyamula m'khwapa. Mapazi atangogunda simenti, miyendo inachita zake zija, gwaa. Anachotsa manja. Mmodzi anangotsala atagwira malaya anga kumsana. Ndinaona wodi yonse kuchokera pamwamba, koyamba m'masabata atatu: mitu ya anthu, windo, mtengo panja. Mng'ono wanga akulira, foni ili m'mwamba. Anthu akukuwa. Kwa kanthawi kochepa ndinakhulupirira.

Kenako msana unachita ngati wina walowetsa mpeni n'kuupotokola. Mawondo anapinda. Ndinagwera pachitsulo cha bedi, kapaipi n'kuzuka. Mawu amene ndikukumbukira ndi a Mai Mopu, akumenya kapu pakabati: "Nesi! Nesi! Akupha munthu kuno!"

Dokotala wamtali sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Mayi, inu ndinu ophunzira."

Lachiwiri, 24 Juni

Andijambulanso. Fupa limodzi laphwanyikanso pang'ono. Kamzere kakwera, tsopano kali zala ziwiri pamwamba pa mchombo. Masabata asanu ndi limodzi aja ayambirenso pachiyambi, mwinanso kuposa.

Lachinayi, 26 Juni

Thupi kutentha, 39.4. Matenda a m'chikhodzodzo. Dilipi. Pensulo ikulemera.

Lamulungu, 29 Juni

Thupi lazizirako. Ndatsegula foni, mauthenga 140.

Kanema uja wazungulira. Ndi wa masekondi asanu ndi anayi. Akuyamba ndi "Dzukani!", akutha ine ndili chilili, maso ali pamtunda, pakamwa yasa. Dzanja la kumsana silikuoneka. Pamwamba alembapo: MPHUNZITSI WOPUWALA WAYENDA. Ahedi alemba kuti sukulu yonse ikuthokoza Mulungu. Ana amene ndinawaphunzitsa zaka khumi zapitazo akuti, "Madamu, ndalira." Wina amene ankandivutitsa ndi mafunso m'kalasi akuti wabwerera kutchalitchi chifukwa cha ine.

Ndinamuimbira mng'ono wanga. Akuti iye anangotumiza kwa mtumiki, anadula ndi a kuofesi ya mpingo. "Koma asisi, munaima. Tonse tinaona. Machiritso munalandira, mwangowagwetsa ndi kukayika. Musalankhule zobwerera m'mbuyo, mudzitsekera nokha."

Amuna anga akuti, "Tiwauze anthu." Ndati dikirani. Ndikuchita manyazi. Ndikumuopera mng'ono wanga. Ndipo, ndilembe zoona, kanemayo ndamuonera kopitirira makumi awiri. Ndi malo okhawo amene ndili chiimire.

Lachitatu, 2 Julayi

Mai Mopu sakudya. Mwana wawo wamkazi amabweretsa phala ndi nthochi, zimabwerera momwe zabwerera. Masana ululu unawagwira nthawi ya jakisoni isanakwane. Anagwiritsa chitsulo cha bedi pafupifupi ola lathunthu. Utatsika ndinafunsa, ulendo uno mosanyoza, "Lero sanabwere?"

"Lero ayi."

"Simumupempha kuti akuchizeni?"

"Ndinapempha mpaka mawondo kuda. Zimenezo sanayankhe." Anatembenuzira mutu kwa ine. "Aphunzitsi, kuntchito kunali bwana mmodzi yekha amene akadutsa ankandipatsa moni ndi dzina langa lenileni. Sanandichotse pa mopu ayi. Koma tsiku limenelo chidebe chinkapepuka."

"Ndiye zikukukwanirani?"

"Sizikwana. Ndikufuna kudzaona mdzukulu wanga atavala yunifolomu. Koma ndi zomwe ndapatsidwa. Ndizitaye poti inu simungaziyeze ndi kaphini?"

Tagona moyandikana anthu awiri. Iwo ali ndi chomva chopanda umboni. Ine ndili ndi umboni wa chinthu chimene sichinachitike.

Loweruka, 5 Julayi

Nthawi ya alendo, mayi wina wovala yunifolomu ya ogwira ntchito zamagetsi anadutsa pakhomo atanyamula fulasiki, kenako anabwerera chafutambuyo. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Madamu? Mukadali muno?"

Ndinamuzindikira. Mtsikana wolemba ndi dzanja lamanzere, ankakhala desiki yakutsogolo, kalasi ya zaka 12 zapitazo. Anayang'ana thumba la mkodzo, anayang'ana miyendo yanga pamapilo. Fulasiki anaiika pansi pang'onopang'ono.

Mayi ake ali m'wodi yoyandikana ndi ino kuyambira Lachinayi. Akhala ndi BP ndi shuga zaka zambiri. Iyeyo ndi amene anawaonetsa kanema uja. Mayiwo anapita kwa mtumiki, anapemphereredwa, pobwera anataya mapiritsi onse m'chimbudzi. Patatha sabata ndi masiku awiri anagwa kubafa. Sitiroko. Mbali yamanja yafa, sakulankhula.

"Ndinawaletsa, madamu. Anati, 'Iwe unkandiuza wekha kuti aphunzitsi ako aja salola nkhani yopanda umboni. Ngati iwo achira, ndiye nzoona.'"

Sanandinyoze. Anangofunsa, "Munadziwa liti kuti kanemayo akuzungulira?"

"Lamulungu."

Anawerenga masiku ndi maso. Nanenso ndinawerenga. Lamulungu mpaka Lachinayi, masiku anayi ndili chete foni ili m'manja.

Ananyamula fulasiki yake n'kumapita.

Lamulungu, 6 Julayi

Tajambula kanema wathu. Amuna anga anagwira foni atatsamira pabedi. Ndinakana kupesedwa. Ndinatchula dzina langa, sukulu yanga, tsiku la lero. Ndinati: "Sindinachire. Tsiku lija anachita kundinyamula, miyendo inauma chifukwa cha matenda, wina anandigwira kumbuyo, kenako ndinagwa, ndipo ndavulala kuposa kale. Ndinavomera ndekha, ndipo nditaona bodzali ndinakhala chete. Ndimakhulupirira kuti Yesu anachiza opuwala. Ine sanandichize. Amene muli pa mankhwala, imwani mankhwala anu." Kenako nesi ananyamula mwendo wanga n'kuusiya. Unagwa pamatiresi ngati mtolo wa zovala zonyowa.

Mai Mopu anakuwa ali pabedi pawo, "Mboni ndine, ndinaliza kapu!" Mawu awo alowa m'kanemayo. Tawasiya momwemo.

Ndatumiza kwa onse 140 ndi kugulu la aphunzitsi. Ayankha 11.

Lachitatu, 9 Julayi

Mng'ono wanga anabwera chimanjamanja, sanakhale pansi. Kumpingo amuimiritsa kutsogolo n'kulengeza kuti m'banja mwathu muli mzimu wa kusakhulupirira. Azimayi a kumeneko asiya kubwera kusaluni.

"Mwandivula pagulu, asisi. Ine ndimangofuna muyende, basi. Cholakwa changa nchimenecho?"

"Si iwe wekha. Nanenso ndinkafuna."

"Ndiye mukuti zomwe ndimamva ndikamapemphera nzabodza?"

Mwezi wapitawo ndikanayankha asanamalize funso. Ndinati, "Zomwe umamva sindingazidziwe. Zomwe miyendo yanga ikuchita ndikuzidziwa."

Anandikonzera pilo mwaukali, kumumenya kawiri, n'kutuluka osatsanzika.

Lolemba, 14 Julayi

Mai Mopu atulutsidwa. Si kuchira. Madokotala akuti palibenso chochita, akapumire kwawo ndi botolo la mankhwala a ululu. Mwana wawo anawaveka diresi lobiriwira lomwe linkawakwana kale. Anauza wokankha njinga ya odwala kuti aime pabedi panga.

"Aphunzitsi, ndikakafika ndikamuuza adzakuchezereni. Ndikati bedi lachinayi, mayi wovuta, abwere ndi ziphaso zake zonse."

Tinaseka. Anaika dzanja pamphumi panga, lopepuka ngati tsamba louma. Podutsa pa wokolopa anati, "M'makona, mwanawe."

Pofika madzulo pabedi pawo panali munthu wina, wothyoka mwendo, wosalankhula. Akanditembenuzira kumanja ndikumatsinzina.

Lachisanu, 18 Julayi

Mwana wa Mai Mopu waimba foni. Mayi ake amwalira dzulo m'mawa, akuti mwabata. Dzina lawo lenileni ndalimva lero koyamba. Ndalilemba kuchikuto cha kope, osati muno.

Ndadikira tsiku lonse ngati chitsiru, kumvetsera pachifuwa panga. Palibe wabwera. Anabwera manesi, maola awiri aliwonse.

Lachiwiri, 29 Julayi

Chilonda cha kumbuyo chauma. Magazi a chiwindi ali bwino. Ndanenepa kilo imodzi ndi theka.

M'mawa dokotala wamtali anati, "Gwedezani chala." Chala chachikulu chamanja chinagwedera, pang'ono ngati mphuno ya khoswe. Anati ndibwereze. Chinabwereza. Anaitana mayi wa mafizo adzaone, kenako analemba: imodzi pa zisanu.

"Ndi mankhwala kapena ndi Mulungu?" ndinafunsa.

"Ine ndinaphunzira za mankhwala, mayi. Mbali inayo ndi phunziro lanu."

Amuna anga atamva anatuluka panja, anabwera maso ali psuu, akuti kunja kuli fumbi. Mng'ono wanga ndamulembera uthenga: "Chala chimodzi. Usauze munthu." Patatha ola wayankha: "Ndibwera Loweruka. Tsitsi lanulo likundichititsa manyazi."

Lachisanu, 15 Ogasiti

Lero andikhazika panjinga ya odwala, koyamba m'masabata khumi. Andimanga chovala cholimba cha pulasitiki kuchokera m'chiuno mpaka m'khwapa. Chizungulire chinandigwira, ndinatsala pang'ono kusanza. Mwendo wamanja ziwiri pa zisanu, wamanzere imodzi. Za kuyenda palibe akulonjeza. Mayi wa mafizo anati ndili ndi mphindi makumi awiri, andipititse panja ndikaothere dzuwa.

Ndinati ayi, wodi yoyandikanayo.

Mayi otaya mapiritsi aja akadali momwemo. Chibayo chinawagwira pamwamba pa sitiroko. Amuna anga anandikankha mpaka pabedi pawo. Mtsikana wanga uja anali pomwepo, akuwamwetsa phala ndi sipuni yaing'ono. Atandiona anaimirira monga ankachitira m'kalasi, kenako anakumbukira n'kukhalanso pansi.

Mayiwo ndi a msinkhu wanga. Pakamwa papotoka. Anandizindikira, ndinaona m'maso. Anayang'ana njinga, chovala cha pulasitiki, mapazi anga omangidwa ndi lamba kuti asagwe.

Mawu ndinali nditawakonza pafupifupi masabata asanu ndi limodzi. Anatuluka atatu okha. "Mayi, ndinachedwa. Pepani."

Anatulutsa dzanja lamanzere m'bulangete n'kundigwira pamkono, mwamphamvu zoti sindimayembekezera. Anayesa kulankhula, kunangotuluka mpweya ndi malovu. Mwana wawo anawapukuta, n'kuwerama kuti amvetsere.

"Akuti muwapempherere."

"Ine?"

"Eya. Chiwagwereni sitiroko sanalolepo aliyense."

Ndinawauza zoona, kuti sindingalonjeze kuti adzuka, komanso kuti ine ndikamapemphera sindimva kanthu. Anangofinya mkono wanga kwambiri. Ndiye ndinapemphera, maso ali otsegula. Ndinatchula dzanja lawo lamanja, lilime lawo, miyendo yanga, ndi mwana wawo amene tchuthi chake chonse chathera m'chipatala. Ndinati, "Mukutiona mmene tililimu. Ife sitikukuonani. Musachoke." Ameni anayankha amuna anga, mwana wawo n'kutsatira pansipansi.

Mayi wa mafizo anabwera kudzanena kuti mphindi zakwana, msana usatope. Mayi odwalawo sanandisiye. Mwana wawo anayesa kuwamasula zala, iwo n'kukana ndi mutu.

"Asiyeni," ndinatero. "Kumene ndikuthamangira kulibe."

Amuna anga anamanga mabuleki a njinga, n'kupita kukafuna mpando.